Nsikidzi za m'Thanki Yanga

Tsiku langa limayamba ndi matewera. Ndikawanyika m'ndowa ndimateleka phala la mwana wanga Kanyerere, ndipo likamatokota ndimathamangira kuchipinda chakumbuyo kukamva ngati pampu ikulira monga ndinaisiyira. Madzi amene auma ndimabwezeramo ena osefa, opanda mchere, chifukwa mchere suuma, amauma ndi madzi okha. Kenako kupukuta galasi, kuyeza mchere, kutsuka kasiponji ka m'sefa, kudyetsa nsomba, kudyetsa mwana, kulanda mwanayo chakudya cha nsomba, kuchapa, kuyanika, kusesa, kuphika. Bambo ake amakhala atapita kale kokawotcherera mageti a anthu. Akabwera madzulo amati, "Mwaswera bwanji, amayi?" ngati kuti ndaswera pampando, mwendo uli pa unzake, kuonerera nsomba ngati kanema.

M'chipinda chakumbuyocho muli thanki yagalasi, yaitali ngati bedi la munthu mmodzi, yodzaza madzi amchere onga a m'nyanja yaikulu. Mmenemo ndimaweta makorali. Ena akawaona amati ndi maluwa, ena amati ndi miyala yopaka utoto. Ndi zamoyo zimenezi. Zimadya, zimakula, zimanyanyala, ndipo ukazilakwira zimafa osakutsanzika.

Ntchitoyi ndinaiphunzira ku shopu ya nsomba zoweta, kumene ndinkakolopa ndi kupukuta magalasi nditasiya sukulu panjira. Tsiku lina kanthambi ka korali wobiriwira kanathyoka, kofanana ndi chala chaching'ono, mayi a shopu n'kuti ndikataye. Ndinawapempha kuti kakhale kanga. Anaseka, koma anandibwereka kathanki kakale ndi pampu yokhosomola. Pofika chaka chino kanthambi kaja kanali katasanduka chitsamba chachikulu ngati kabichi, chobiriwira ngati chili ndi magetsi m'kati. Tinkachitcha Manthu. Manthu ndiye ankatidyetsa. Ndinkadula nsonga zake n'kuzimata ndi guluu pa timiyala, zikagwira n'kuyamba kuphuka mayi a shopu ankagula zonse. Makorali enawo anali ongokometsera. Kuwotcherera kuli ndi miyezi yake youma, koma Manthu sankapita ku tchuthi. Chifukwa cha iye ndinasiya chikolopa n'kumagwira ntchito m'nyumba mwanga, mwana ali pamaso panga.

Chipinda chimenechi chili ndi lamulo limodzi, ndipo si ine ndinalipanga. Aliyense woweta makorali amalidziwa. Chachilendo sichilowa m'thanki yaikulu tsiku limene chafika. Chimayamba chasamba m'beseni loyera la mankhwala, uone zimene zigwe. Kenako chimakhala chokha m'kathanki kakang'ono pansi pa windo kwa milungu ingapo, ukuchiyang'anitsitsa. Bambo a Kanyerere kathankiko amakatcha kuti kuselo, ngati kachipinda kotsekera anthu kupolisi. Lamulolo amalidziwa bwino. Chitsulo chimene kathankiko kakhalapo anawotcherera ndi manja awo.

Ndiye kunabwera alamu.

Amenewa ndi akulu awo a bambo a Kanyerere. Ndi amene anawalera makolo atamwalira, ndipo mwezi sudutsa osatikumbutsa. Amagulitsa magalimoto akale, amavala nsapato zosongoka zoti ungatokosere nazo mano, ndipo akamalankhula amazunguza makiyi pachala. Mwamuna wanga amapinda chitsulo ndi manja, koma pamaso pa achimwene akewo amasanduka phala la mwana.

Lamlungu limenelo ndinali ku bafa, ndikusambitsa Kanyerere amene anali atadzipaka zimene sindingalembe pano. Ndinamva galimoto, kenako mawu, kenako chitseko cha chipinda chakumbuyo. Mmene ndimatuluka ndi mwana m'thawulo, manja a bambo ake anali atanyowa mpaka m'zigongono.

"Mlamu, tabwerani mudzaone chimene ndakutengerani!" anatero alamu. "Bwana wina wagula galimoto kwa ine, akusamuka, akuphwasula thanki yake. Ndinati ayi, ichi chikakhale kwa mlamu wanga."

Chinali m'thanki yaikulu, pambali penipeni pa Manthu: korali wofewa wonga bowa, wofiirira, atamera pamwala waukulu ngati nkhonya ziwiri. Pansi panali chidebe cha penti chimene anabweretseramo.

"Wasamba?" ndinafunsa.

Bambo a Kanyerere anayamba kupukuta manja pa thalauza, maso ali pansi.

"Wasamba!" Alamu anaseka mpaka makiyi kugwa. "Chinthu chobadwira m'madzi, chokulira m'madzi, chisambenso? Mlamu, ukhondo wanuwu mwaonjeza."

"Chachilendo chimayamba chasamba, kenako kuselo. Akudziwa awa."

"Ndamva, ndamva. Mphwanga amafuna aike mphatso yanga m'kandende kanu. Ndamufunsa kuti yaba chiyani? Ine ndinyamule chinthu ulendo wonsewu, madzi kutayikira pa mipando ya galimoto, chidzafikire pansi pa windo ngati nsapato zakutha? Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, mlamu."

"Kalumo komweko kamameta mpala."

"Wamva pakamwa pa mkazi wakoyu?" anatero kwa mng'ono wawo, akusekabe. "Unakwatira tsabola iwe."

Bambo a Kanyerere ananditsatira kukhitchini. "Chonde, mayi a Kanyerere, musandichititse manyazi," ananong'ona. "Akangotuluka tichotsa. Kanthawi kochepa kangalakwe chiyani?"

"Inu mukamawotcherera geti mumasiya mpata woti wakuba alowe kanthawi kochepa?"

Anatenga makapu n'kutuluka.

Alamu sanafulumire. Anakokera mpando patsogolo pa thanki, anamwa tiyi, anadya, anajambula mphatso yawo pafoni n'kutumizira anzawo, anawodzerako pang'ono. Mmene galimoto yawo imalira, dzuwa linali litapendeka kalekale.

Ndinatulutsa mwala uja fumbi lawo lisanakhazikike. Ndinauika m'beseni loyera la mankhwala n'kuupemerera madzi ndi sirinji yopanda singano, m'ming'alu monse. Pansi pa beseni panayamba kuoneka timadontho tofiira, ngati munthu wawaza tsabola wopera. Kenako tsabolayo anayamba kuyenda.

Ndinawaitana bambo ake. "Taonani mphatso ya achimwene anu. Yabwera ndi abale ake."

Anawerama n'kuyang'ana nthawi yaitali. "Mwina zonse zagwera m'beseni momwemu. Mwina m'thanki simunatsale kanthu."

"Mwina," ndinatero. Mwina ndi mawu a munthu amene si iye adzagwire payipi.

Sabata yotsatira mchenga wa pakona yowala kwambiri unayamba kufiira. Bambo a Kanyerere anati ndi ndere. Kenako anati mwina ndi dzimbiri la chitsulo chawo. Ankafunitsitsa likhale dzimbiri, chifukwa dzimbiri alibe nalo mchimwene. Ndinatenga sirinji ija n'kupemerera pamchengapo iwo akuona. Ndere ukaipemerera imakakamira, kapena imang'ambika ngati ulusi. Izi zinanyamuka balala, zinayandama pang'ono, n'kukatera pagalasi, n'kuyamba kutsetsereka mosapupuluma ngati zikupita kwawo.

Ndinagwira kamodzi, kukaika pa sosala ndi dontho la madzi, n'kukakulitsa ndi kamera ya foni. Kanthu kaphwatalala, kochepa ngati njere ya chitowe, kofiirira, kadontho kofiira kwambiri chakumbuyo, mchira wa nsonga zitatu. Ndinatumiza chithunzicho kwa mayi a shopu. Anandiimbira nthawi yomweyo.

"Mwana wanga, wazitenga kuti zimenezi?"

"Nsikidzi zinalowa ndi alendo, mayi."

Dzinalo linakhala lomwelo, ngakhale si nsikidzi zenizeni. Ndi tinyongolotsi ta m'madzi. Mayi a shopu anandifotokozera zonse ndili chiimire pa kauntala yawo, mwana ali kumbuyo. Korali sizimuluma. Zimangokonda kuwala, ndiye zimakwera pa iye n'kumufunda ngati bulangete. Korali amadalira kuwala kuti akhute, choncho akafundidwa amafa ndi njala nyale ikuyaka. Pochulukana siziyembekeza mazira. Imodzi imangodziduka kumchira, zakhala ziwiri.

"Ngakhale mwamuna sizimufuna," anatero mayi a shopu.

"Nzeru zilipo," ndinatero.

Anatulutsa kabotolo kakang'ono ngati ka mankhwala a m'maso, koma sanakasiye m'manja mwanga msanga. "Mvetsera. Aka kamazipha zonse tiyi asanazizire. Koma zikamafa zimatulutsa poizoni. Imodzi ndi yochepa. Zikafa zikwizikwi nthawi imodzi, thanki yonse imasanduka manda. Ndiye uyambe wazikoka ndi payipi, tsiku ndi tsiku, mpaka uzichita kuzifunafuna. Ukonzeretu madzi atsopano ambiri, makala osefera madzi akhale pafupi. Ndiye uthire, uli pomwepo ndi kaukonde m'manja. Kabotolo aka ndi komalizira, si koyambira. Wamva?"

Ndinamva. Kunyumba ndinawauza bambo a Kanyerere mawu omwewo, kawiri, kabotolo ndili nako m'manja. Anagwedeza mutu. Ndinakaika pamwamba pa kabati, kuseri kwa chitini cha guluu.

Ntchito inayamba. Umatenga kapayipi kowonda, mbali imodzi m'thanki, inayo pakamwa, kukoka mpaka madzi abwere, n'kuponya m'ndowa imene wamangirapo sokosi yakale. Madzi amadutsa, nsikidzi zimatsala m'sokosi. Madziwo umabwezera. Ukachedwa kuchotsa pakamwa wamwa mchere. Ndinkayenda ndi kapayipiko pamchenga, pamiyala, pagalasi, pakati pa nthambi za Manthu mosamala ngati ukuchotsa chitsotso m'diso la mwana, Kanyerere ali kumbuyo akundikoka tsitsi. Sokosi inkatuluka ili psuu. M'mawa mwake mchenga unkakhala utafiiranso. Msana unkandiwawa, milomo inang'aluka. Pakamwa panga pankakoma mchere ngakhale ndikamamwa tiyi wa shuga.

Koma zinkachepa. Pang'onopang'ono, koma zinkachepa. Pagalasi zinatha. Pamchenga zinatsala zigambazigamba. Kuseri kwa miyala ndi kunsi kwa Manthu n'kumene zinali zidakali mbwee, kumene payipi imavuta kufika. Manthu anali atafwifwa pang'ono koma anali moyo, timaluwa take tikutuluka. Ndinadzaza mgolo umodzi wa madzi atsopano, ndikudikira mchere wina kuti ndidzaze wachiwiri. Makala ndinali ndisanagule.

Bambo a Kanyerere masiku amenewo ankayenda m'nyumba ngati pali maliro. Anandigulira payipi yatsopano. Anachapa matewera osatumidwa. Ndinkawayankha zofunika zokha. Munthu akakuthyola mwendo n'kukugulira ndodo, uthokoze ndodoyo?

Tsiku la katemera wa Kanyerere iwo anali pakhomo, akudikira zitsulo zimene zinachedwa kubwera. Anati andikokerako nsikidzi. Ndinawaonetsa pogwira, ndinabereka mwana, n'kupita. Kuchipatala mzere unali wautali. Mwana anabayidwa, analira mpaka mawu kusasa, ndipo tinabwerera dzuwa lili pamutu, iye thupi litayamba kutentha.

Pakhomo ndinapeza galimoto ya alamu. Fungo linandichingamira ndisanatsegule chitseko. Fungo la chithaphwi chowola, loyabwa kukhosi.

Madzi a m'thanki anali ngati tiyi wopanda mkaka. Mkati monse munkayandama timaulusi tofiira tonanda ngati mamina. Nsomba zinali pamwamba, pakamwa yasa, zikupuma mofulumira. Yachikasu ija, imene Kanyerere amaipatsa moni m'mawa uliwonse, inali itagona cham'mbali pamchenga. Makorali ofewa anali atafota ngati masamba othiridwa madzi otentha. Manthu anali atabweza timaluwa take tonse, akutuluka utsi wonanda m'nthambi. Ndipo m'chipindamo munali zii. Pampu inali yozima.

Amuna awiri akuluakulu anali ataima pamenepo, manja lende. Kabotolo kaja kanali pa windo, kopanda kanthu.

"Zafa zonse, mlamu," anatero alamu, koma makiyi sankazungulira. "Nsikidzi zanu zija. Zonse. Kungoti madziwa ndiye sitikuwamvetsa."

"Wazimitsa pampu ndani?"

"Ndine," anatero bambo a Kanyerere. "Ndimati ikufalitsa poizoni."

Ndinawadutsa n'kuyatsa. "Nsomba zikubanika, inu n'kuzitsekera mpweya. Wathira ndani?"

Anayang'anana.

"Ndabwera kudzaona mphatso yanga," anayamba alamu, "ndaipeza kuselo. Chabwino. Ndapeza mphwanga, mwamuna wandevu zake, akuyamwa payipi ngati khanda. Ndamufunsa, kodi mankhwala kulibe? Akuti alipo koma amayi akana. Ndati mankhwala ali m'nyumba, matenda ali m'nyumba, mukudikira chiyani? Ndimafuna mubwere mupeze zatha, mlamu. Mlandu unali wanga, ndimati ndiukonze ndekha."

"Botolo lonse?"

"Zinali zambiri. Ndinati zambiri zimafuna mankhwala ambiri."

Ndinatembenukira kwa mwamuna wanga. "Awa sakudziwa kanthu. Safunsa anadya phula. Koma inu ndinakuuzani. Kawiri. Munagwedeza mutu. Mutuwo mumagwedezera chiyani, kuti muone ngati muli kanthu?"

"Ndinawauza, mayi a Kanyerere. Ndinati tidikire."

"Munawauza. Nanga kabotolo kanatsika kokha pakabati?"

Kanyerere anayambanso kulira kumsana kwanga. Ndinkafuna kuswa kenakake, koma chilichonse m'chipindamo chinali chagalasi ndipo chinali changa.

"Alamu, tengani zigubu zonse zili kukhitchini. Pitani ku shopu ya nsomba. Mukawauze mayi aja kuti nsikidzi zafera m'thanki. Akudziwa chochita. Madzi amchere osakaniza kale, odzaza galimoto, ndi makala osefera. Ndikuwaimbira muli m'njira."

"Mlamu, taziziritsani mtima kaye. Mawu amene mukulankhula kwa mphwangayu pamaso panga..."

"Mawu anga mudzawaweruza mawa, ndidzakuikirani mpando. Lero ndikufuna galimoto yanu, osati nzeru zanu."

"Iwe," anatero kwa mng'ono wawo, "ukungoyang'ana?"

Bambo a Kanyerere anatembenukira kwa akulu awo. "Achimwene, pitani," anatero. "Chonde. Pitani msanga."

Alamu anawayang'ana ngati mpando walankhula. Kenako anatola zigubu.

Zotsalazo zinali manja okhaokha. Ndinatunga madzi a mumgolo m'beseni lochapira lalikulu n'kunyamula Manthu ndi manja awiri. Anali woterera, akununkha. Nsomba zimene zinkapumabe ndinaziwola n'kuziika m'ndowa ya madzi abwino. Bambo ake ndinawapatsa payipi yaikulu.

"Kokani. Yambani pansi pamene zaunjikana."

Anakoka, anamwa, anasanza m'ndowa, anakokanso. Sindinawamvere chisoni. Ine ndinkawola zakufazo ndi kaukonde, kukhuthula, kuwolanso, mwana akulira kumsana, thukuta lake ndi langa litasakanikirana. Pakati pa ntchito ndinamumwetsa mankhwala oziziritsa thupi ndi dzanja limodzi, nditalisambitsa kawiri ndi sopo. Madzi otsala mumgolo tinathira onse. Anali ochepa. Thanki inangosintha kuchoka pa tiyi wakuda kufika pa tiyi wa alendo ochuluka.

Alamu anabwera galimoto itakhala pansi ndi kulemera. Ananyamula zigubu okha, ziwiriziwiri, malaya atamatirira kumsana, nsapato zosongoka zija zikulira tchwa tchwa m'madzi a pansi. Mayi a shopu ayenera kuti anawatsuka mokwanira, chifukwa makala anandipatsa ndi manja awiri. Makalawo ndinawatsuka, kuwathira m'sokosi, n'kuwaika pamene madzi a pampu amadutsa. Tinachotsa madzi, tinathira ena, tinachotsanso. Dzuwa likulowa thanki inayamba kuoneka mbali inayo.

"Mlamu," anatero alamu ali pakhomo, "ine ndimafuna zabwino."

"Ndikudziwa. Zabwino zanu zili m'ndowa umo, mukhoza kuziwerenga."

M'ndowa yotaya munali nsomba zakufa. Anayang'anamo, n'kupita.

M'mawa mwake, ndisanagwire ndi thewera limodzi, ndinapita pa beseni. Manthu anali atayamba kusupuka. Kunsi kwake mnofu wobiriwira uja unkachoka ngati khungu la munthu wopsa, n'kumasiya fupa loyera mbee. Ndinateleka phala, ndinabwerera: kuyerako kunali kutakwera. Ndinadyetsa mwana, ndinabwerera: kunali kutafika pamene nthambi zimagawikana. Izi ndinaziona kale ku shopu. Zikayamba sizibwerera. Palibe mankhwala, palibe pemphero la mchere. Umadula patsogolo pa kuyerako, pamene pakadali moyo, n'kupulumutsa zimene ungathe.

Bambo a Kanyerere sanapite ku ntchito. Anaima pakhomo la chipinda.

"Bweretsani chodulira mawaya chanu chija. Muchitsuke."

Anabweretsa.

"Gwirani apa. Musafinye."

Anagwira. Ndinadula. Korali akamaduka amalira ngati fupa la nkhuku. Thyo. Thyo. Chinthu chimene ndinachilera kuyambira Kanyerere asanabadwe, chimene ndinkachiteteza ku kutentha ndi kuzizira, chimene ndinkachidzukira magetsi akazima, ndinachiphwanya ndekha pa thebulo langa lositirapo. Nsonga iliyonse ndinkaiyang'ana poduka. Ikakhala ndi kuyera ngakhale pang'ono, kutaya.

"Mayi a Kanyerere, pepani," anatero.

"Gwirani bwino, mukupendeketsa."

"Ndikanawakaniza."

"Mukanawakaniza Lamlungu lija. Mawu amodzi okha. Ayi. Kanyerere amawatha, ndipo mano ake sanakwane."

Malo oyera, a madzi okhazikika, otsala m'nyumba monse anali amodzi: kuselo. Mmenemo munali mphatso ya alamu, itatambasuka bwinobwino, yonenepa, yosadziwa kanthu. Ndinaizula n'kuibwezera m'chidebe cha penti chimene inabweramo, ndi kapayipi ka mpweya, pafupi ndi windo la m'khonde. Ndinasintha madzi a m'kathankiko, kumata nsonga za Manthu pa timiyala, n'kuzindandalika mmenemo. Wolakwa anatuluka m'ndende, wolakwiridwa n'kulowa.

Masiku otsatira ndinkadzuka n'kupeza ina yayera. Kutaya. Mawa lake ina. Kutaya. Kenako kufa kunaima. Zinatsala zinayi. Tsiku lina m'mawa ndinaona imodzi yatulutsa timaluwa, tochepa ngati ubweya wa pamkono wa mwana. Sindinauze munthu. Ndinkaopa kuti akabwera kudzathandiza.

Alamu anabweranso patapita milungu, atavala nsapato zina. Ndinali kukhitchini, ndinawaonera pa windo. M'manja anali ndi pulasitiki yomanga, yodzaza madzi, muli kansomba kachikasu.

"Mphwanga! Mlamu ali kuti? Ndabwera kudzapepesa mwaulemu. Ndamva kuti mwana amalira nsomba yake. Tatsegula uko tiiponyemo aione."

Ndinapukuta manja n'kutenga mpeni umene ndinkadulira anyezi. Sindikudziwa chimene ndinkafuna kuchita nawo. Koma mmene ndimafika m'khonde, bambo a Kanyerere anali ataima kale pachitseko cha chipinda chakumbuyo, mapewa atadzaza mpata wonse. Analandira pulasitikiyo ndi manja awiri.

"Zikomo, achimwene. Ikhala m'chidebe umu kaye, ndi mnzake."

"M'chidebe cha penti?"

"M'chidebe, achimwene."

"Iwe, ine ndinakulera."

"Munandilera, achimwene. Ikhala m'chidebe."

Alamu anandiyang'ana, anayang'ana mpeni, n'kuseka pang'ono. "Mlamu, mwamudyetsa chiyani mwanayu?"

"Madzi amchere," ndinatero. "Akadalipo, ngati mukufuna."

Anthu amati ndikanakondwa tsiku limenelo. Ndinabwerera ku anyezi anga. Mawu okana amenewo mwamuna wanga akanawaphunzira pamene Manthu anali moyo, bwenzi ali aulere.

Zimene zinapita ndi izi. Mchere wonse umene ndinali nawo m'nyumba, ndi madzi odzaza galimoto. Makala osefera. Kabotolo kaja, kamene kakanakwana kangapo. Nsomba zonse, kupatula kotuwa kamodzi konyansa nkhope kamene kamakhala kuseri kwa mwala. Makorali ofewa oposa theka. Nsonga zonse zimene zinali zitatsala pang'ono kugulitsidwa, ndipo mayi a shopu tsopano akugula kwa munthu wina mpaka zanga zidzakule, chimene sichichitika chaka chino. Ndabwerera ku chikolopa m'mawa uliwonse, Kanyerere ali kumsana, chifukwa womusiyira palibe. Thebulo lositirapo linafufuma ndi madzi, tinataya. Nsapato za alamu zinamatuka, koma zimenezo si zanga.

Zimene zatsala: nsikidzi palibe ngakhale imodzi. Mphatso ya alamu ikunenepa m'chidebe. Fupa la Manthu ndinaliumika, ndimatsekera chitseko kuti chisamenyeke ndi mphepo. Nsonga zinayi, iliyonse ngati chala chaching'ono.

Loko wa pachitseko cha chipinda chakumbuyo anagula ndi kukhoma ndi bambo a Kanyerere. Anabwera ndi makiyi awiri. Onse ali ndi ine.